Momwe Mungasankhire Kiyi ya Nyimbo Kuti Mpingo Wonse Uimbe

Tsiku lina pamaliro a m'bale wa mumpingo mwathu anandipempha kuti ndiyambitse nyimbo pamene tinkanyamuka pasiwa kupita kumanda. Ine ndinali nditagona kwathu usiku umenewo, mawu anga anali otseguka, ndipo ndinaiyamba pamene mmero wanga unakonda. Mzere woyamba tinayenda bwino. Titafika pakolasi, pamene nyimboyo imakwera, abambo onse anangoti zii, n'kutsala amayi awiri atatu akulimbana nayo mitsempha ya m'khosi itaima. Mayi wina wachikulire wa Mvano anadikira kuti ndime ithe, kenaka anaiyambanso chapansi, khamu lonse n'kulowa pamodzi. Sanandinene kanthu. Koma zinandipweteka kuti anthu amene anachezera usiku wonse akulira anafuna kuperekeza m'bale wawo ndi nyimbo, ine n'kuwatsekera pakhomo.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuyambitsa nyimbo mongoganizira. Kiyi, ndiko kuti pamene nyimbo yakhazikidwa, chapamwamba kapena chapansi, ndi ya anthu amene akhala pamabenchi: agogo, abambo ongochokera kumunda, ana a Sande sukulu, mtsikana wamanyazi wa kumbuyo uja. Woyambitsa ntchito yake ndi kuwapezera malo oti onse akwanepo. Zotsatirazi ndi zimene ndimachita, ndipo mungazichite ngakhale simunapiteko kusukulu ya zoimbaimba.

Choyamba: dziwani malire a mawu a mpingo

Khalani pakiyibodi. Mabatani akuda ali m'magulu a awiri ndi atatu. Batani loyera limene lili kumanzere kwa gulu la awiri ndi C, ndipo oyera otsatira kumanja ndi D, E, F, G, A ndi B. B flat ndi batani lakuda la kumanzere kwa B, F sharp ndi lakuda la kumanja kwa F. Pakiyibodi ya mabatani 61, imene ili m'matchalitchi ambiri, C wachitatu kuchokera kumanzere ndiye C wapakati. Kuchoka pabatani limodzi kupita loyandikana nalo, kaya loyera kaya lakuda, ndi sitepe imodzi, ndipo masitepe 12 amakufikitsani pa C wina. Mtunda umenewo ndiwo okitevu.

Anthu wamba, osaphunzitsidwa kuimba, amamasuka kuyambira pa C wapakati kufika pa C wotsatira. M'menemo ndi m'nyumba. Pali khonde mbali zonse ziwiri: kumunsi angatsike mpaka pa B flat kapena A, kumtunda angakwere mpaka pa D. E flat kapena E wapamwamba amamufika mongomukhudza n'kubwerera, kamodzi kapena kawiri m'ndime, ndipo pamenepo ena ayamba kale kutsala. Pa F mwatsala ndi a sopurano a m'kwaya okha. Abambo amaimba manoti omwewa okitevu imodzi pansi, choncho malirewa amagwira onse.

Sungani pamtima: A wapansi, D wapamwamba. Zonse zotsatira zikutsamira pamenepo.

Chachiwiri: pezani denga ndi pansi pa nyimboyo

Pano ife tili ndi mwayi umene ambiri sitiuona. Kwaya zambiri kuno zimaphunzira nyimbo ndi d r m f s l t d', ndiko kuti doh, ray, me, fah, soh, lah, te ndi doh wapamwamba, njira ya tonic sol-fa imene Sarah Glover wa ku Norwich anaiyamba, John Curwen n'kuifalitsa ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Inafika kwathu ndi amishoni, ngati aja a ku Scotland amene anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndipo inakhazikika m'masukulu ndi m'makwaya. Ubwino wake waukulu ndi woti doh alibe malo amodzi. Mukhoza kumuika pa C, pa F, pa G, ndipo nyimbo imakhala yomweyo, ingokwera kapena kutsika. Tikamati kiyi ya G tikungotanthauza kuti doh wakhala pa G. N'chifukwa chake pamwamba pa nyimbo yolembedwa m'sol-fa pamalembedwa kiyi yake.

Ndiye imbani nyimbo yonse m'sol-fa pang'onopang'ono, ndime ndi kolasi, n'kulemba zinthu zitatu: noti yokwera kwambiri, noti yotsika kwambiri, ndi noti yoyambira. Ngati sol-fa simuidziwa, itsatireni ndi chala chimodzi pakiyibodi mpaka mupeze batani la kumanja kwambiri ndi la kumanzere kwambiri limene nyimboyo yakhudza. Musadumphe kolasi yomaliza kapena kachigawo kapakati kaja kamene oimba amakono amakonda kukwera nako, pakuti msampha umakhala pamenepo.

Chachitatu: sunthani doh mpaka nyimbo ikwane m'malire

Apa ndipo pagona ntchito yonse, ndiye ndichedwapo.

Nyimbo zambiri zili m'mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi zija zoyambira pa doh wapansi n'kukwera mpaka doh wapamwamba. Doh ali pansi penipeni pa nyimbo, choncho muikeni pafupi ndi pansi pa mawu a mpingo. Kiyi ya C ikupatsani C kufika C. Kiyi ya D ikupatsani D kufika D, yowala bwino, yoyenera nyimbo yachisangalalo. B flat ndi yofatsa. Nyimbo yotere mukaiika mu G, denga lake likhala G wapamwamba, ndipo palibe mpingo umene ungafikeko.

Mtundu wachiwiri ndi zija zimene doh ali pakati: nyimbo imatsika mpaka soh wapansi, n'kukwera mpaka soh wapamwamba. Nyimbo zambiri za m'buku zili chonchi, makolasi ambirinso. Izi zimakonda F ndi G. Mu F ziyenda kuchokera pa C kufika pa C, mu G kuchokera pa D kufika pa D, mu E kuchokera pa B kufika pa B. Mu A zafika pa E, ndipo zayamba kulemera. Mukaiika mu C, imene ambiri amaiyesa kiyi yosavuta pa nyimbo iliyonse, soh wapansi agwera pa G, kunsi kwa malire, ndipo amayi adzangonong'ona.

Onani tsono kuti palibe kiyi imene ili yokwera payokha kapena yotsika payokha. Ndamvapo anthu akukangana kuti G ndi kiyi ya amayi, C ndi ya abambo. Ayi. G ndi yabwino pa nyimbo ya mtundu wachiwiri, ndi yosatheka pa ya mtundu woyamba. Chimene chimalamula ndi malo a doh m'nyimbomo.

Pali zina zotambalala kuposa okitevu. Nyimbo yochokera pa soh wapansi kufika pa lah wapamwamba ikwana bwino mu F, kuchokera pa C kufika pa D. Mu G lah ameneyo akhala E, choncho muyenera kuyamba mwaona kuti akubwera kangati. Nyimbo yochokera pa doh kufika pa me wapamwamba ifuna B flat, kuchokera pa B flat kufika pa D, kapena A. Ndipo yochokera pa soh wapansi kufika pa doh wapamwamba yadzaza malire onse: mu D iyambira pa A n'kuthera pa D, popanda malo osunthira. Mukhoza kuyesa E flat ngati mpingo wanu ndi wa mawu amphamvu. Nyimbo yotambalala kuposa pamenepa, kunena zoona, si ya mpingo. Ipatseni kwaya iimbe anthu akumvetsera, palibe cholakwika. Cholakwika ndi kuimiritsa anthu mazana atatu n'kuwauza kuti aimbe chinthu chimene mmero wawo sungathe.

Makolasi ang'onoang'ono a manoti asanu, doh kufika soh, savuta. D, E kapena F zonse zigwira.

Chachinayi: mvetserani pamene nyimbo imakhalitsa

Nyimbo ziwiri zikhoza kukhala ndi denga limodzi, D, koma ina n'kukhala yopepuka, ina yotopetsa. Yoyamba imakhudza D kamodzi n'kutsika. Yachiwiri imakhala pa C ndi D kolasi yonse, ndipo kolasiyo tiibwereza kasanu ndi kamodzi. Kunyamula thumba la chimanga kulikweza pangolo ndi kwina, kuyenda nalo pamutu mpaka kuchigayo ndi kwinanso. Ngati manoti ambiri a kolasi ali pamwamba pa B, tsitsani sitepe imodzi kapena ziwiri, ngakhale denga likuoneka kuti lili m'malire. Manoti ochuluka a nyimbo azikhala pakati pa E ndi B.

Onaninso mawu amene agwera pa noti yokwerayo. Kukwera ndi "a" kapena "o", monga pa "Yehova", n'kosavuta chifukwa kukamwa kuli kotseguka. Kukwera ndi "i" kumafinya mmero.

Koma musathawire pansi nthawi zonse. Nyimbo yotsika kwambiri imafa. Anthu amaimba ngati akuwerenga kalata, mphamvu palibe, ndipo nyimbo yachigonjetso imamveka ngati yodandaula. Nyimbo yachimwemwe imafuna kuti kolasi ifike pa C kapena D kuti anthu atsegule chifuwa. Ya kulapa kapena ya pa Mgonero ikhoza kukhala chapansi.

Chachisanu: musatengere kiyi ya pa wailesi

Achinyamata a gulu la matamando amaphunzira nyimbo pa YouTube kapena pa foni, n'kubwera nayo m'kiyi yomweyo. Woimba amene anaijambula anasankha kiyi yoonetsa kukongola kwa mawu ake, ndipo anali ndi ufulu wotero. Mwamuna wa mawu a tena akhoza kuika kolasi pa G kapena A pamwamba pa C wapakati. Abambo wamba sangafikeko. Amayi nawo akhala pamphanda: akaimba okitevu pamwamba n'kosatheka, akaimba pamodzi naye ndime zotsika ziwagwetsera pansi kwambiri. Mkazi wa mawu a alto amachita zosiyana: amayambira pa G kapena F wapansi, pamene iye akumveka mokoma, koma abambo akatsika okitevu kuchokera pamenepo mawu amatha.

Nthawi zambiri nyimbo yojambulidwa ndi mwamuna wa tena imafuna kutsitsidwa masitepe awiri mpaka anayi, ndipo ya mkazi wa alto imafuna kukwezedwa pang'ono. Koma musagwiritse zimenezi ngati lamulo. Bwererani pa chachiwiri ndi chachitatu, muwerenge nokha.

Kwa wotsogolera mwini, apa pali kudzichepetsa kumene kumawawa pang'ono. Kiyi yabwino kwa mpingo mwina siionetsa mawu anu monga mukanafunira. Ivomereni. Ngati ndime ina yakutsikirani kapena kukukwererani, mpatseni mnzanu wa mawu ena aitsogolere, inu muime pambali pake.

Chachisanu ndi chimodzi: iyeseni ndi anthu enieni

Pa pulakatisi musafunse a sopurano okha ngati kiyi ili bwino, chifukwa iwo adzavomera chilichonse chokwera. Itanani anthu awiri atatu amene sali m'kwaya, bambo mmodzi ndi mayi mmodzi wachikulire, aimbe nanu nyimbo yonse. Kenaka tsitsani sitepe imodzi, aimbenso. Musawauze imene inu mukufuna. Yang'anani nkhope zawo, mudzadziwa.

Kumbukirani kuti kwathu kuno mpingo suimba liwu limodzi. Popanda wowauza, ena amatenga alto, ena tena, abambo akumbuyo amagwira besi, ndipo kukoma kwa kuimba kwathu kuli pamenepo. Ndiye mukatsitsa nyimbo mvetserani a besi. Ambiri mawu awo amazilala akafika pa G kapena F wapansi pawo, ndipo besi ikasowa nyimbo imakhala ngati ndiwo zopanda mchere. Mukakweza, mvetserani a tena, amene amakonda kuyenda pamwamba. Kiyi yabwino ndi imene magulu anayi onsewa akumveka osavutika.

Chachisanu ndi chiwiri: ganizirani nthawi

Mawu a m'mawa ndi otsika. Pa Misa kapena mapemphero a 6 koloko, makamaka mu Juni ndi Julayi kukazizira, nyimbo yoyamba itsike sitepe imodzi kapena ziwiri kusiyana ndi masana. Anthu ochezera pamaliro kapena pa mapemphero a usiku wonse amakhala atasasa mawu pofika mbandakucha. Kagulu ka anthu khumi pa mphakati kamachita manyazi kukwera, pamene pamsonkhano wa chitsitsimutso anthu ambirimbiri amalimbitsana mtima n'kufika pa E osazindikira. Choncho nyimbo imodzi ikhoza kukhala ndi makiyi awiri m'kope mwanu, ya m'mawa ndi ya masana.

Chachisanu ndi chitatu: gwirizanani ndi oimba zida

Anyamata ambiri a pakiyibodi anadziphunzitsa okha ndipo zala zawo zinazolowera kiyi imodzi, ena C, ena F sharp. Sindikuwanyoza, ambiri a iwo ali ndi khutu lakuthwa kuposa ife owerenga manoti. Vuto limabwera pamene nyimbo iliyonse ikukakamizidwa kulowa m'kiyi ya zala zawo. Makiyibodi ena ali ndi batani lolembedwa Transpose, limene limakweza kapena kutsitsa kiyi zala zisanasinthe malo, ndipo nambala iliyonse ndi sitepe imodzi. Woimba mu C akafuna D aike +2, E flat ndi +3, E ndi +4, F ndi +5, B flat ndi -2, A ndi -3, G ndi -5. Woimba mu F sharp akafuna G aike +1, F ndi -1, E ndi -2, D ndi -4.

Zinthu ziwiri zimasokoneza apa. Kuiwala kubwezera pa 0 nyimbo ikatha, kotero kuti yotsatira imayamba pena paliponse. Ndi kusauza wa gitala ya besi, amene amaonera zala za wa kiyibodi n'kuimba C pamene chipinda chonse chikumva D. Muzitchula kiyi imene ikumveka, osati imene zala zikugwira. Ndipo mnyamata wa kiyibodi mumulimbikitse aphunzire kuimba C, D, F ndi G ndi zala zake, kiyi imodzi pamwezi, kuti tsiku lina akapeza chida chopanda batani limenelo asasowe pogwira.

Pagitala, capo, kachipangizo kopanira zingwe zonse pamodzi, imakweza sitepe imodzi pa mzere uliwonse wa pakhosi pa gitala. Makodi (manoti angapo ogundidwa pamodzi) a G ndi capo pa mzere wachiwiri amamveka A, pa wachitatu B flat. Makodi a C ndi capo pa wachiwiri amamveka D. Capo sitsitsa, ndiye kuti mutsike kuchoka mu G kupita mu F gwirani makodi a D ndi capo pa mzere wachitatu, kapena a E ndi capo pa woyamba.

Mukamalumikiza nyimbo zingapo osaima, zimayenda mosalala zikakhala m'kiyi imodzi kapena m'makiyi achibale, monga G ndi D, G ndi C, F ndi C. Koma musapachike nyimbo padenga pofuna kuti ilumikizane ndi inzake. Kuli bwino kuima pang'ono, wa kiyibodi apereke kodi yatsopano, anthu apume. Ngatinso mukufuna kukweza kiyi pa ndime yomaliza, yambirani pansi kuti pokwerapo denga likhale lisanapitirire D kapena E flat.

Chachisanu ndi chinayi: pamene palibe chida

Kumanda, kumudzi, kapena magetsi akazima pakati pa mapemphero, kiyi ili pammero panu. Ng'oma ndi maseche zimapereka liwiro, sizipereka kiyi. Apa ndi pamene ndinagwera ine tsiku lija, ndipo chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake. Munthu akamayamba kuimba amatenga noti yapakati pa mawu ake, yomasuka. Ngati nyimbo imayambira pa soh wapansi, ndiye kuti waika pansi pa nyimbo pakati pa mawu ake, ndipo denga latulukira kunja.

Mankhwala ake ndi awa. Musanatsegule pakamwa, imbani chamumtima kapena mong'ung'udza mzere wokwera kwambiri, muuike pamene mungaufike osakweza chibwano. Kuchokera pamenepo tsikani m'maganizo mpaka pa doh, kenaka pa noti yoyambira. Zimatenga kanthawi kochepa kwambiri, kongokwanira mlaliki kutchula nambala ya nyimbo kachiwiri. Ngati nyimbo imayambira pansi, yambani pansi kuposa pamene mukumva kuti n'poyenera. Ngati imayambira pamwamba n'kumatsika, musaope kuyamba mokwera. Amene muli ndi foni yamakono, ikanimo kapulogalamu ka piyano, mugunde doh pafupi ndi khutu musanaimirire. Akwayamasitala akale ankayenda ndi kachitoliro kapena kachitsulo kopereka noti m'thumba la jekete pa chifukwa chomwechi.

Dziwaninso kuti popanda chida nyimbo imayenda yokha. Yoimba pang'onopang'ono ya ndime zambiri imakonda kutsetsereka, ya m'manja ndi yovina imakonda kukwera anthu akatenthedwa. Siyani malo a zimenezo poyamba.

Chakhumi: yang'anani mpingo, ndipo lembani

Lamulungu likafika, tsegulani maso pamene mukutsogolera. Abambo akatseka pakamwa pofika pakolasi, kapena akagwa mwadzidzidzi okitevu pansi, nyimbo yakwera. Anthu akamakhosomola ikatha, yakwera. Mukaona milomo ikuyenda koma phokoso palibe, yatsika. Chokani pa maikolofoni mzere umodzi kapena iwiri kuti mumve mpingo wokha, chifukwa masipika amanamiza: tchalitchi chimadzaza ndi mawu a anthu asanu, inu n'kumayesa onse akuimba.

Gulani kope la pasukulu. Nyimbo iliyonse ikhale ndi mzere wake: mutu, kiyi, noti yoyambira, denga ndi pansi, ndi zimene munaona. "G, yoyambira pa soh wapansi, m'mawa inalemera, tiyese F." Kope limeneli lizikhala kutchalitchi kuti tsiku limene inu mwadwala wina akalitsegule.

Ndipo tsiku limene mwayamba molakwika, pakuti lidzabwera ndithu, musaumirire mpaka kumapeto poopa manyazi. Ngati mwazindikira pa mzere woyamba, kwezani dzanja, nenani kuti "Pepani abale, tiyambenso chapansi," perekani noti yatsopano. Ngati mwapita kale patali, malizani ndimeyo, wa kiyibodi atsitse masitepe awiri pakati pa ndime, agunde kodi ya doh watsopano mwamphamvu, inu mulowe noti yoyamba nokha momveka bwino kuti anthu akutsatireni.